Mphuno ya Galimoto ya Ababa

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre akudziwa kuti mukangowoloka mlatho wa Kamuzu pa mtsinje wa Shire n'kudutsa pa Thabwa, macheza m'galimoto amayamba kuzilala. Apo ndi pamene pamayambira chitunda. Msewu umapindikapindika ukukwera, kuchoka m'chigwa chimene chili pa mamita pafupifupi 100 pamwamba pa nyanja yamchere mpaka kukafika mumzinda umene uli pa mamita oposa 1,000. Magalimoto a katundu amakwawa ngati nkhono, ndipo ena amafera panjira, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo. Pa chitunda chimenechi ndi pamene banja lathu limadyera, pakuti bambo anga, amene kwathu timawatchula kuti Ababa, amayendetsa Toyota Sienta yonyamula anthu pakati pa Dyeratu ndi Blantyre.

Galimotoyi adaigula m'chaka cha 2019 ndi ndalama zimene adalandira atapuma pa ntchito ya ku minda ya nzimbe. Idachokera ku Japan itayenda kale, monga momwe amabwerera magalimoto ambiri a m'misewu yathu. Ndi imene idandithandiza kumaliza sukulu ya sekondale, ndi imenenso ikundilipirira kuno ku yunivesite. Amayi amakonda kunena kuti pakhomo pawo pali ana asanu: anayi ndi obereka iwo, wachisanu ndi wamatayala, ndipo mwa onsewo ndi wamatayala yekhayo amene amabwera ndi ndiwo madzulo.

Nditapita kwathu ku tchuthi mu Okutobala 2022, ndidapeza Ababa ali ndi dandaulo. Mwana wawo wachisanu uja adali atayamba ulesi. Ndinkawaperekeza monga kondakitala, choncho ndidadzionera ndekha. Tikafika pa chitunda, iwo ankaponda moto mpaka phazi kugunda pansi, injini n'kumalira momvetsa chisoni, koma galimoto osathamanga. Anzawo ankatipitirira akuimba hutala mwachipongwe. Pa ntchito imeneyi amene wafika msanga pa siteji ndi amene amayamba kudzaza, motero kutsalira pa chitunda kumatanthauza kutaya ulendo wathunthu pa tsiku. Komanso miyezi imeneyo m'dziko muno mudali vuto la kusowa kwa mafuta. Anthu ankagona pa mizere ya ku filing'i siteshoni, ndipo lita iliyonse ya petulo inkasamalidwa ngati mankhwala.

"Yakalamba iyi," adatero Ababa tsiku lina titafika ku Blantyre. "Ikupuma ngati nkhalamba ya chifuwa cha mphumu."

Mawu akuti "ikupuma" ndi amene adandilowa m'mutu. Ine ndimaphunzira ziyankhulo, osati zamakina, koma ku koleji kuli intaneti yaulere, ndipo usiku wambiri umene ndimayenera kuwerenga za magulu a mayina ndinkautaya pa YouTube, kuonera anyamata a ku America ndi ku Japan akusintha magalimoto awo. Onse ankayambira pa chinthu chimodzi. Ankachotsa bokosi lakuda la pulasitiki limene mumakhala filita ya mpweya, limene amakaniko kuno amalitcha eyakilina, n'kuikapo paipi yonyezimira yokhala ndi filita yofiira yooneka ngati mtondo wozondotsa. Akaliza injini, inkabangula ngati mkango. Kenako ankayang'ana kamera n'kunena kuti galimoto tsopano yamasuka.

Maganizo awo sadali opanda mutu, ndipo mpaka lero sindinganene kuti onse ankanama. Injini ya petulo imadya mpweya wambiri kuposa mafuta. Kuti gilamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino imafuna magilamu 14.7 a mpweya, kutanthauza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya okwana pafupifupi 9,000. Mu mpweya wonsewo, gawo limene limayatsa moto ndi okosijeni, amene ndi magawo 21 okha pa 100 alionse. Mafuta mutha kuwonjezera mmene mungafunire, pampu ilipo, koma ngati mpweya ukuperewera mafutawo amangotuluka ngati utsi. Tsono mphamvu ya injini imalekezera pamene palekezera mpweya umene ingathe kukoka. Injini ya Sienta yathu, imene a Toyota amaitcha 1NZ-FE, ndi ya malita 1.5 ndipo ikakhala yatsopano imatulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 110. Ine ndidaganiza kuti ena mwa akavalo amenewa atsekeredwa m'khola ndi bokosi lakuda lija, ndipo ntchito yanga ndi kungowatsekulira.

Ndidapita ku Limbe ndi ndalama imene ndidasunga podzimana chakudya chamasana kwa masabata angapo. Mafilita enieni a mtundu umenewu, monga a kampani ya K&N ya ku California, amapangidwa ndi nsalu ya thonje yonyowetsedwa ndi oyilo wapadera, ndipo mtengo wake sindikadaukwanitsa. Yanga ndidaipeza pa benchi ina mumsika. Idalibe dzina, idalibe pepala la malangizo, koma idali yofiira ndi yonyezimira ngati ya pa kanema ija. Wogulitsa adandiuza kuti ndikaipake oyilo pang'ono kuti izigwira fumbi. Sadanene kuti oyilo wanji, inenso sindidafunse. Ndidagulanso chidutswa cha paipi yachitsulo ndi makilampu awiri.

Lamulungu m'mawa Ababa ndi amayi atapita ku tchalitchi, ndidatsekula boneti. Kuchotsa bokosi sikudavute. Chimene chidandiimitsa ndi kachipangizo kakang'ono kokhala ndi mawaya, komangidwa ndi masikuluwu awiri pa khosi la chivundikiro cha bokosilo. Ndinkadziwa kuchokera m'makanema aja kuti dzina lake ndi sensa ya MAF ndi kuti galimoto siyenda bwino popanda iko. Paipi yanga idalibe malo ake. Apa ndi pamene ndidachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuchilemba. Ndidatenga sowo yodulira zitsulo n'kudula khosi la chivundikirocho kuti ndichotse kampando ka sensa, ndidaboola paipi yanga, n'kumatapo kampandoko ndi guluu ndi malamba a chubu cha njinga. Paipiyo idali yotakata kuposa khosi limene ndidadula, ndipo ndidakondwera nazo poganiza kuti njira ikakula mpweya uchuluka. Pomaliza ndidathira oyilo wa injini pa filita mpaka kuchita kudontha. Akuluakulu adati nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Nditaliza injini, ana a nyumba zoyandikana adathamanga kudzaona. Ukaponda moto inkachita ngati ikumeza dziko lonse, "vuuu!", kenako n'kutsitsa mawu mwaulemu. Mtima wanga udadumpha. Sindidayambe ndapangapo chinthu ndi manja anga chimene chidayankha motero.

Ababa atabwera adaima pafupi ndi galimoto, Baibulo lili m'khwapa, n'kuyang'ana m'boneti nthawi yaitali.

"Bokosi lija lili kuti?"

"Lili kuseri, Ababa. Limaitsamwitsa galimotoyi. Mumve mmene ikulirira tsopano."

Adamvetsera. Adapita kuseri, adatola chivundikiro chodulidwa chija, adachitembenuza uku ndi uku, n'kuchiika pansi bwinobwino ngati chinthu chodwala.

"Iwe ndi amene ukupita ku yunivesite," adatero. "Tiona mawa."

Mawa lake tidanyamuka kusanache, kunja kukadali kozizira, ndipo ndikulumbira kuti ndidamva ngati galimoto ikuuluka. Apaulendo ankafunsa ngati tagula injini ina. Mnyamata wina woitanira pa siteji adaitcha "ndege ya ku Dyeratu". Ine ndidakhala kumbuyo chifuwa chili patsogolo. Lero ndikaganiza bwino ndimaona kuti palibe chimene ndidayeza. Sindidagwire wotchi pa chitunda, sindidawerenge malita. Khutu lidamva phokoso, ndipo mutu udamasulira phokosolo kuti ndi liwiro.

Ulendo wamasana ndi umene udayamba kuulula zoona. Amene sadakhaleko ku chigwa cha Shire mu Okutobala sangamvetse kutentha kwake. Masiku ena kumapitirira madigiri 40, moti phula limachita kufewa. Titadzaza anthu cha m'ma 1 koloko n'kuyamba kukwera, galimoto idabangula kuposa kale koma idakwawa kuposanso kale. Pofika Lachitatu idayamba kunjenjemera ikaima, ndipo kawiri idazima pa rodibuloko, wapolisi akutiyang'ana. Lachinayi kanyali kachikasu kooneka ngati injini kadayaka pa dashibodi. Ababa, amene amadziwa mafuta a ulendo uliwonse ngati mmene mayi amadziwira ufa wa m'nyumba mwake, adati petulo amene ankatifikitsa ku Blantyre ndi kubwerera tsopano akuthera panjira. Usiku umenewo adakagona pa mzere wa mafuta, ndipo adabwera m'mawa maso ali psuu. Sadandikalipire. Kukadakhala bwino akadandikalipira.

Lachisanu tidapita nayo kwa mkulu wina amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika. Ndi munthu wachikulire, wa imvi, amene adagwirapo ntchito m'magalaja a ku Joni zaka zambiri asadabwerere kumudzi. Madalaivala onse amangomuti Madala. Adatsekula boneti, adaona filita yanga yofiira, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Chikomekome cha mkuyu," adatero. "Wachita zimenezi ndani?"

"Ndi ophunzira athuwa," adayankha Ababa, osandiyang'ana.

Ndinkayembekeza kuti Madala andinyoza n'kundithamangitsa, koma adandikoka dzanja. "Bwera kuno mphwanga. Wayamba wekha, umalizanso wekha. Ine ndizingokuuza."

Adatulutsa kachipangizo kakang'ono n'kukalowetsa pansi pa chiwongolero, kenako adatsekula foni yawo. Ndidadabwa kuona nkhalamba ya pansi pa mtengo ikuyankhula ndi kompyuta ya galimoto, chonsecho ine wa ku yunivesite ndidabwera ndi sowo. Pa foni padatuluka nambala yakuti P0171. Adati tanthauzo lake ndi lakuti injini ikulandira mpweya wochuluka kuposa mafuta amene ikupatsidwa. Ndidatsala pang'ono kunyadira, poti mpweya wochuluka ndi umene ndinkafuna. Koma adandifotokozera kuti nkhani sikuchuluka kwa mpweya ayi, nkhani ndi yakuti kompyuta yanamizidwa.

M'kati mwa sensa ya MAF muli kawaya kopyapyala kwambiri kamene kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imayeza magetsi amene akufunika kuti kawayako kakhalebe kotentha. Ikatero imadziwa kuchuluka kwa mpweya umene walowa, n'kutumiza mafuta olingana nawo. Koma kawayako kamangolawa mpweya wa pamalo pamene kali, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo podalira kukula kwa khosi limene a fakitale adapanga. Ine nditaika paipi yotakata, mpweya womwewo udayamba kudutsa mwapang'onopang'ono, sensa n'kumanena kuti walowa wochepa. Kuwonjezera apo, oyilo amene ndidathira pa filita adakokedwa n'kukamata kawayako, fumbi n'kukakamirapo, kukhala ngati kavala juzi. Pamene ndidamata ndi malamba a chubu panalinso mpata umene mpweya unkalowera mozemba osawerengedwa. Kompyuta inkalandira uthenga wina kuchokera kutsogolo, uthenga wotsutsana nawo kuchokera ku sensa ya ku ekizozi, ndipo inkangothira mafuta mwachisawawa pofuna kugwirizanitsa mabodza awiriwa.

"Tsono taona apa," adatero Madala, akuloza nambala ina pa foni. Idali yoonetsa kutentha kwa mpweya umene injini ikukoka. Galimoto idali itaima ikulira kwa mphindi zingapo, ndipo nambalayo idali itadutsa 60. Adandiuza kuti ndiike dzanja pafupi ndi filita yanga. Ndidalibweza msanga. Fani ya rediyeta inkapemerera mpweya wotentha molunjika pamenepo.

Apa ndi pamene ndidazindikira kulakwa kwanga kwakukulu. Bokosi lakuda lija lili ndi mphuno yake, kapaipi kamene kamakatenga mpweya kutsogolo, kunja kwa chipinda cha injini. Ine ndidachotsa mphunoyo n'kusiya galimoto ikupuma m'khitchini momwe ikuphikira. Mpweya ukatentha umatambasuka, moti lita imodzi imakhala ndi okosijeni wochepa. Pa madigiri 10 alionse owonjezera, mpweya umapepuka ndi magawo pafupifupi 3 pa 100. Kuchoka pa madigiri 40 a panja kufika pa 60 kapena 65 a m'boneti, ndidalanda injini magawo 6 kapena 7 pa 100 a chakudya chake. Sizidathere pomwepo. Mpweya wotentha umachititsa kuti mafuta aziphulika nthawi isanakwane, zimene amakaniko amati injini ikugogoda, ndipo kompyuta ikamva zimenezi imachedwetsa moto wa mapulagi pofuna kuteteza mapisitoni. Moto ukachedwa, mphamvu imatsikanso. Anyamata a pa kanema aja ambiri amatchinga filita yawo ndi chitsulo kapena kuitulutsa kunja kwa chipinda cha injini, koma ine maso anga adali pa kufiira kwa filita basi.

Ndidafunsa za phokoso lija, poti mumtima ndinkalifunabe. Madala adatola botolo la Fanta lopanda kanthu n'kuuzira pakamwa pake, "huuu". Adati pa mapaipi a eyakilina pamakhala timabokosi totsekeka tooneka ngati topanda ntchito, koma timagwira ntchito ngati botolo limeneli: timameza kulira kwa mpweya umene ukukokedwa modukizaduka ndi mavavu. Nditabwerera ku koleji ndidapeza kuti nzeru imeneyi imatchedwa ndi dzina la Hermann von Helmholtz, katswiri wa sayansi wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800, amene adafufuza za kamvekedwe ka mawu. Zidandiseketsa kuti munthu amene dzina lake limatchulidwanso pa maphunziro a kamvekedwe ka mawu a anthu ndidakumana naye koyamba pansi pa mtengo wa mango. Phokoso limene ndinkanyadira lidalipo kale m'injini kuyambira ku Japan. Ine ndidangochotsa chotsekera pakamwa pake.

Chimene chidawakwiyitsa Madala sichidali kutentha kapena sensa. Adamasula paipi yanga, adalowetsa chala m'kati, kuseri kwa filita, n'kuchitulutsa chili chofiirira. Adandigwiritsa. Pakati pa zala zanga padamveka timchenga.

"Masiku asanu okha," adatero, nkhope itasintha. "Ukadatha miyezi itatu bwenzi bambo akowa akugula injini."

Fumbi la m'misewu yathu si ufa wofewa monga limaonekera. Mbali yaikulu ndi timiyala ta mchenga tolimba kwambiri, ndipo tikalowa m'silinda timasakanikirana ndi oyilo n'kumapala maringi ndi makoma a silinda ngati sandipepala. Kenako injini imayamba kudya oyilo, kufuka utsi wabuluu, n'kutha mphamvu. Filita imene imalola mpweya kudutsa mosavuta kawirikawiri imatero chifukwa timabowo take ndi tokulirapo. Pa msewu wampikisano wosesedwa bwino, pamene injini imaphwasulidwa kawirikawiri, zimenezi zilibe kanthu. Koma Ababa akapeza hayala amalowa m'midzi ya kutsidya kwa Shire, kumene galimoto ikadutsa fumbi limatsala m'mwamba mpaka ina kulipeza. Filita yapepala ya fakitale, yopindidwapindidwa ija, ndi yonyansa pamaso koma imagwira pafupifupi fumbi lonse.

Sindidafune kugonja msanga. Ndidati ngati vuto ndi kutentha, bwanji titalikitse paipi kuti filita ikakhale pansi, kuseri kwa bampa, kumene kuli mpweya wozizira? M'makanema ena amachita zimenezo, ndipo amati ndiyo njira yeniyeni. Madala sadayankhe. Adanditengera pa thunthu la mango pamene padali msomali, ndipo pa msomalipo padapachikidwa chitsulo chopindika ngati nthochi. Adati ndi konirodi, mkono umene umalumikiza pisitoni ndi kilankishafuti. Adaichotsa m'galimoto ina imene idayesa kuwoloka madzi mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe wa Ana, pamene chigwa chonse chidasanduka nyanja ndipo damu la Kapichira lidagumuka.

Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. M'injini ngati yathu silinda iliyonse imakoka mamililita 374, ndipo pisitoni ikakwera imafinyira zonsezo m'kampata ka mamililita pafupifupi 40. Amenewo ndi masipuni atatu aakulu. Madzi oposa pamenepo akalowa, pisitoni imagunda khoma, ndipo chimene chimagonja ndi chitsulo. N'chifukwa chake ma Land Cruiser a mabungwe amene amayenda kwathu nthawi ya madzi osefukira amakhala ndi paipi yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga. Iwonso adasintha mphuno ya galimoto, koma adaikweza m'mwamba, kumene kulibe madzi ndipo fumbi ndi lochepa. Ine ndinkafuna kuitsitsa pansi, m'dera limene chaka ndi chaka msewu umasanduka mtsinje. Miyezi isanu yokha chichitikireni zimenezi, mu Malichi 2023, kudabwera namondwe wa Freddy.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndidalondola, ndipo Madala adachinena pamaso pa Ababa, zimene ndimawathokoza nazo mpaka lero. Adatituma kukatenga bokosi lakale kunyumba. Atatulutsa filita yapepala imene idali m'menemo n'kuiyang'anitsa kudzuwa, kuwala sikudadutse ngakhale pang'ono. Idali itauma ndi dothi ngati chikombole cha njerwa. Ababa adavomera kuti chigulireni galimotoyo sadaisinthepo. Ankangoigogoda pa tayala ndi kuipopera mpweya pa malo opopera matayala, zimene Madala adati zimang'amba timabowo ta pepala. Kapaipi ka mphuno nako kadali kong'aluka pansi, moti ngakhale ndisadakhudze kanthu galimoto inkapuma kale mpweya wina wa m'boneti.

"Mwanayu matenda anawaona," adatero Madala. "Galimoto imabanikadi. Koma m'malo moichotsa chimfine, anaidula mphuno."

Adatiuzanso kuti tisayembekezere zozizwitsa. Chitunda cha ku Thabwa chili ndi msonkho wake umene palibe filita ingauchotse. Mukamakwera, mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 alionse. Pofika ku Blantyre, akavalo khumi mwa aja amakhala atatsala m'munsi. Onjezanipo anthu, matumba a mpunga, nthochi ndi nkhuku, komanso, kunena mosabisa, apaulendo amene nthawi zina amaposa mipando isanu ndi iwiri imene a ku Japan adaikamo. Adanenanso kuti nthawi zambiri dalaivala amakhala ataponda moto pang'ono chabe, ndipo chimene chikuchepetsa mpweya pamenepo ndi chitseko cha throttle chimene phazi lake lomwe likulamula, osati filita. Filita yotakata, ngakhale yoikidwa mwaluso ndi yotchingidwa bwino, imathandiza pokhapokha injini ikamazungulira pafupi ndi malire ake, ndipo pa injini yaing'ono ngati iyi phindu lake ndi akavalo owerengeka amene munthu sangawamve ndi thupi.

Kukonza kudatenga masiku anayi, osati chifukwa ntchito idali yaikulu, koma chifukwa cha chivundikiro chimene ndidadula. Chidayenera kufunidwa kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ophwasulidwa ku Blantyre, ndipo amene adali nacho adaona kuti tili pa mavuto, mtengo n'kuukweza. Sensa idapulumuka, Madala adaitsuka ndi mankhwala opopera osaikhudza ndi chala, ine nditagwira mpweya. Tidagula filita yapepala yatsopano ndi mapulagi anayi, tidatsuka throttle imene idali yakuda bii, tidasintha oyilo chifukwa cha fumbi lija, ndipo mng'alu wa kapaipi ka mphuno tidautseka bwinobwino. Masikuluwu onse ndidamanga ndine, Madala ataima kumbuyo kwanga akundiuza pamene ndalimbitsa mopitirira.

Masiku anayi galimoto ili chiimire ndi masiku anayi opanda ndalama, ndipo fizi ya chigawo chotsatira idali itayandikira. Lachiwiri m'mawa ndidadzuka n'kupeza khola lili ndi mbuzi ziwiri m'malo mwa zitatu. Imene idasowa idali yaikazi, ya mawanga, imene amayi ankaisunga kuti ikaswa agule malata a khitchini. Nditawafunsa adangoti, "Idya phala lizizira." Mlongo wanga wamng'ono ndi amene adandiuza kuti adapita nayo kumsika kusanache kuti anthu asawaone.

Galimoto itatuluka, ndidakwera nawo ulendo woyamba, ndipo ulendo uno ndidatenga wotchi ndi kope. Idakwera chitunda mwakachetechete, mosathamanga kwenikweni koma mosabanika, ndipo kwa sabata yonse imene ndidatsala nayo pa tchuthi ndinkalemba malita ndi maulendo. Mafuta adabwerera m'malo mwake, n'kutsikako pang'ono poyerekeza ndi mmene zidalili ndisadaikhudze. Palibe wapaulendo amene adafunsa ngati tagula injini ina. Mnyamata wa pa siteji uja adandifunsa kuti ndege yapita kuti, anzake n'kuseka.

Kuyambira pamenepo Ababa adandipatsa udindo wa eyakilina. Ndikafika pa tchuthi, ndisanavule n'komwe nsapato, amandiponyera makiyi kuti ndikatsekule bokosi ndi kuyang'anitsa filita kudzuwa. M'chilimwe imafuna kusinthidwa msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera, poti bukulo silidalembedwere misewu ya kutsidya kwa Shire. Makanema aja ndimaonerabe, sindinama, ndipo ndikamva galimoto ikubangula mumsewu wa Chipembere ku Blantyre khosi limatembenuka lokha.

Filita yofiira ija Madala adaipempha. Adakhoma msomali wachiwiri pa thunthu la mango n'kuipachika pafupi ndi konirodi yopindika, ndipo ndidamva kuti amaionetsa kwa anyamata amene amabwera ndi maganizo ngati anga. Nditadutsako tchuthi chapitachi ndidapeza itasanduka yotuwa, mavu atamangamo chisa. Khitchini ya amayi ikadali yofolera ndi udzu. Ndidawauza kuti ndalama yoyamba imene ndidzalandire ndikadzayamba ntchito ndidzagula mbuzi yaikazi ya mawanga, iwo adati ndigule ziwiri, chifukwa ija ikadakhala itaswa kale.